Masiku Otayika Pakati pa Chala ndi Chipatala: Khansa ya M'mawere ku Chitungwiza

Khansa ya m'mawere imayamba pamene maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga mnofu wa thupi la munthu, asiya kutsata dongosolo lawo n'kuyamba kuchulukana mosalekeza mkati mwa bere, kawirikawiri m'tinjira timene mumadutsa mkaka kapena m'timatumba timene mkakawo umapangidwira. Maselo otere akaunjikana amapanga kachotupa kolimba, kamene pa miyezi yoyambirira sikapweteka, sikatenthetsa thupi, ndiponso sikalepheretsa mayi kutunga madzi, kuphika kapena kulawirira kumsika ndi dengu la tomato. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la matendawa, chifukwa anthu ambiri anakula akudziwa kuti chimene chimatengera munthu kuchipatala ndi ululu, ndipo nthenda yosawawa imaoneka ngati ingathe kudikira mpaka ndalama ya lendi ndi fizi ya ana itapezeka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Imfazo sizinagwe mofanana paliponse. M'mayiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 alionse opezeka ndi matendawa amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu, pamene ku South Africa, dziko limene anthu a kuno kummwera kwa Africa amathamangirako akafuna chithandizo chabwino, chiwerengerocho chili pafupifupi 40 okha. Gawo lalikulu la kusiyana kumeneku limachokera pa nthawi imene wodwala amafika pamaso pa dokotala, ndi nthawi imene imadutsa asanayambe kulandira mankhwala.

Chitungwiza ndi malo oyenera kulingalirapo za nthawi yotayikayo. Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare, ndipo inapangidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, amene boma la atsamunda linamanga kuti anthu akuda ogwira ntchito mu mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, azigona kutali ndi azungu. Kalembera wa 2022 anapeza kuti mumakhala anthu oposa 370,000. Mpaka lero ambiri amadzuka kusanache kukakwera makombi a mumsewu wa Seke, ndipo otsala amayendetsa moyo ndi malonda a m'mbali mwa msewu ku Makoni, ku Chikwanha ndi m'misika ina. Madzi a m'mipopi amatha masiku ambiri osatuluka, choncho amayi amathera maola pa mzere wa pamjigo ndi zigubu zawo. Mabanja ambiri amachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya munthu wina, n'kuchigawa ndi katani kuti ana agone mbali ina, ndipo bafa imakhala imodzi ya mabanja atatu kapena anayi, imene munthu amasambamo mofulumira ndi theka la ndowa wina akugogoda kunja. Mabuku a zaumoyo amalangiza mayi kuti aime wosavala kutsogolo kwa kalilole wamkulu, akweze manja, aziyang'ana mawere ake modekha. Amene analemba malangizo amenewa ankafuna zabwino, koma sanaganizire mayi wa ku St Mary's amene kalilole wake ndi kachidutswa kokwana pachikhatho, ndipo nthawi yokhala yekha alibe.

Pakati pa anthu a m'tauniyi pali zidzukulu za amuna ndi akazi amene anachoka ku Nyasaland (Malawi wa lero), kummawa kwa Northern Rhodesia (Zambia ya lero) ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'makhitchini a azungu, makamaka pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri sanabwererenso, ndipo kwawo ankawatchula kuti matchona. Ena anafika ku Chitungwiza pambuyo pa chaka cha 2000, mafamu amene anabadwiramo atagawidwa. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa kuti anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo aziwerengedwa ngati alendo chifukwa cha kumene makolo awo anachokera, ndipo zinthu zinayamba kusintha ndi malamulo oyendetsera dziko a 2013, amene anabwezera unzika kwa ana a makolo ochokera m'mayiko ena a kummwera kwa Africa, komanso anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Mbiri imeneyi ikukhudza nkhani ya khansa m'njira yosaonekera msanga. Munthu amene wakhala zaka zambiri akufunsidwa chitupa n'kubwezedwa pa mawindo a maofesi saphunzira kukakamira kuti amuthandize, ndipo akauzidwa kuti abwere tsiku lina amangovomera ndi ulemu n'kubwerera kunyumba. Achinyamata a m'mabanja amenewa amalankhula Chishona bwinobwino, koma agogo ambiri, amene ndiwo ali pa msinkhu woopsa kwambiri wa matendawa, nkhani za m'thupi amazifotokoza momasuka m'chilankhulo chimene anayamwira, pamene mauthenga ambiri a zaumoyo amabwera m'Chingerezi, m'Chishona ndi m'Chindebele.

Ashona amatchula khansa kuti gomarara, dzina la chomera chimene chimamera pa nthambi ya mtengo wina n'kumayamwa madzi ake mpaka mtengowo utauma. Dzinali ndi lanzeru, chifukwa mlimi aliyense akudziwa kuti chomera chotere chikaonedwa chikadali chaching'ono, kudula nthambi imodzi kumapulumutsa mtengo wonse. Komabe m'kamwa mwa anthu ambiri mawuwa, monganso mawu akuti khansa, amamveka ngati chigamulo cha imfa, ndipo mantha amenewa amabala mafotokozedwe ena. Pamjigo ndi m'maliro mumamveka zoti matendawa amabwera chifukwa chosunga ndalama kapena foni m'bra, zoti ndi chinthu choponyeredwa ndi mkazi mnzake, kapenanso zoti chotupa chikangokhudzidwa ndi mpeni wa dokotala chimakwiya n'kufalikira thupi lonse. Maganizo otsirizawa ayenera kuyankhidwa mwaulemu, chifukwa ali ndi gwero lake. Anthu aona abale awo akupangidwa opaleshoni n'kumwalira patangopita miyezi yochepa, ndipo zimene anaonazo n'zoona. Chimene sanathe kuona n'chakuti wodwalayo anafika kuchipatala maselo a khansa atadutsa kale m'mwanabere wa m'khwapa n'kukafika m'mafupa, m'mapapo kapena m'chiwindi. Motero kuchedwa kumabweretsa imfa, imfayo imaikidwa pa mpeni, ndipo mayi wotsatira amachedwanso poopa mpeni womwewo.

Zimene ofufuza atsimikiza pa zoyambitsa matendawa n'zosiyana ndi za pamjigo. Ngozi imakula ndi msinkhu, makamaka kupyola zaka 40, imakulanso ndi kumwa mowa, kunenepa kwambiri mayi atasiya kusamba, ndi kusachita ntchito zolimbitsa thupi, pamene kuyamwitsa nthawi yaitali kumaichepetsako. Pali mabanja ena amene matendawa amayenda m'magazi chifukwa cha chilema cha m'majini otchedwa BRCA1 ndi BRCA2, pakuti majini ndi malangizo a kapangidwe ka thupi amene mwana amatengera kwa makolo, ndipo mayi amene mayi ake, mchemwali wake kapena azakhali ake anadwalapo ayenera kunena zimenezi kwa namwino. Koma pafupifupi theka la amayi opezeka ndi khansa ya m'mawere alibe chifukwa china chodziwika kupatula kukhala mkazi ndi kukula. Amuna nawonso amadwala, ngakhale ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 alionse.

Pofuna kukamba zoona za kuyezetsa, m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zikwangwani za mwezi wa Okutobala, mwezi wodziwitsa anthu za khansa ya m'mawere, zimaphatikiza. Choyamba ndi kuyeza amayi amene alibe chizindikiro chilichonse, pogwiritsa ntchito mammogram, chithunzi cha bere chojambulidwa ndi makina a X-ray chimene chimatha kuonetsa khansa isanakule kufika poti chala n'kuimva. WHO imalimbikitsa kuti m'mayiko amene zipatala zake zili ndi zipangizo zokwanira, amayi a zaka 50 mpaka 69 azijambulidwa motere zaka ziwiri zilizonse. Zimbabwe ilibe ndondomeko yoitana amayi onse a msinkhu umenewu kukajambulidwa, makina ambiri ali m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, ndipo anthu ochuluka alibe medical aid, inshuwalansi yolipirira chithandizo cha kuchipatala. Chachiwiri ndi kuzindikira matenda msanga mwa mayi amene waona kale kusintha pa bere lake. Kwa Chitungwiza ya lero, chachiwirichi ndicho chingapulumutse miyoyo yambiri, chifukwa amayi ambiri amene amafika m'zipatala za boma amabwera ndi zotupa zimene akhala akuzimva kwa miyezi, ena kupyola chaka, ndipo chotupa chotere sichifuna makina apamwamba kuti chionekere.

Kafukufuku wochitika m'mizinda iwiri ya ku Asia akuthandiza kuona zimene dzanja lingathe ndi zimene silingathe. Ku Shanghai, amayi oposa 260,000 ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu anagawidwa m'magulu awiri, gulu limodzi n'kuphunzitsidwa mwakhama kudziyeza lokha, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2002 zinasonyeza kuti imfa za khansa ya m'mawere zinali zofanana m'magulu onsewo. Ku Mumbai, akatswiri a chipatala cha Tata Memorial anaphunzitsa amayi wamba ogwira ntchito zaumoyo m'madera kuyeza mawere ndi manja, n'kutsatira amayi oposa 150,000 kwa zaka 20, ndipo lipoti la 2021 linasonyeza kuti khansa inkapezeka idakali yaing'ono, komanso kuti imfa pakati pa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo zinatsika ndi pafupifupi 30 pa 100 zilizonse. Phunziro lake silakuti mayi asiye kudzikhudza. Ku Mumbai, dzanja lophunzitsidwa linali lolumikizidwa ndi chipatala chokonzeka kulandira aliyense wopezeka ndi chotupa, ndipo kulumikizana kumeneku n'kumene kunapulumutsa anthu. Njira yotere ndi yotheka m'makiliniki a khonsolo a ku Zengeza, Seke ndi St Mary's, kumene amayi amabwera kale kusikelo ya ana, kukatenga njira zolerera, kukalandira ma ARV, ndi kukayezetsa khomo la chiberekero mwa njira ya VIAC, imene namwino amapaka viniga pa khomolo n'kulijambula. Mayi amene wagona kale pa bedi la namwino kuti amuyeze khomo la chiberekero sayenera kudzuka mawere ake asanayezedwe, chifukwa zimangotenga mphindi zochepa, ndipo mwina sadzapezanso tsiku lina lotseka malonda ake.

Kudzidziwa thupi kumakhalabe poyambira, ndipo kumatheka ngakhale m'bafa ya mabanja anayi ija. Posamba, dzanja lili ndi sopo, mayi amakweza mkono umodzi n'kugwiritsa ntchito mimba za zala zitatu zapakati za dzanja linalo, osati nsonga zake, kukanikiza bere mozungulira pang'onopang'ono, kuchokera pansi pa fupa la pakhosi mpaka m'khwapa. Nthawi yabwino ndi patapita masiku ochepa msambo utatha, pamene mawere afewa, ndipo amene anasiya kusamba angasankhe tsiku limodzi pa mwezi, monga tsiku lolipira lendi, limene palibe amaliiwala. Zofunika kuzisamala ndi kachotupa kolimba ngati njere ya nzama kamene sikasuntha, khungu limene lachita timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere imene yayamba kulowa mkati pamene kale inali yotuluka, magazi kapena madzi otuluka kunsonga mayi asakuyamwitsa, chilonda chosapola, bere limodzi kutupa kapena kusintha maonekedwe, ndi mwanabere wa m'khwapa amene sakuphwa. Zotupa zambiri za m'mawere, makamaka mwa atsikana, sizikhala khansa, ndipo mfundo imeneyi iyenera kunenedwa mokweza chifukwa imachepetsa mantha. Koma palibe chala, ngakhale cha dokotala wamkulu, chimene chingagamule chokha. Mayi woyamwitsa amene wapatsidwa mankhwala a chithupsa cha m'bere, chotupacho n'kukhalapobe mankhwala atatha, ayenera kubwereranso.

Kuchokera pamenepa nkhani imachoka m'manja mwa mayi n'kulowa m'manja mwa dziko, ndipo n'kulakwa kuimba mlandu amayi okha ngati kuti kuchedwa konse n'kwawo. Wopezeka ndi chotupa kukiliniki amatumizidwa ku Chitungwiza Central Hospital kapena ku Harare, kumene amafunika sikani ndi biopsy, ndiko kuchotsa kachidutswa ka chotupacho ndi singano kuti akatswiri akakaone ndi makina okuza zinthu. Popanda biopsy palibe anganene kuti ndi khansa, ndiponso palibe angadziwe mtundu wake, pakuti ina imakula ndi mahomoni a chikazi ndipo imagonja ku mapiritsi monga tamoxifen omwedwa zaka zisanu kapena kuposerapo, pamene ina imafuna mankhwala ena. Sitepe iliyonse ili ndi mtengo wake, mzere wake ndi ulendo wake wa pakombi, ndipo pa sitepe iliyonse pamatsala anthu. Chithandizo cha radiotherapy, chowotcha maselo a khansa ndi cheza champhamvu, m'zipatala za boma chimapezeka ku Parirenyatwa ku Harare ndi ku Mpilo ku Bulawayo kokha, ndipo pakhala nyengo zimene makina ake anaima kwa nthawi yaitali. Mu 2024 boma linaika msonkho pa zakumwa za shuga ponena kuti ndalama zake zigulire zipangizo za khansa. Dziko limene linatha kukhazikitsa msonkho wa Edzi wa 3 pa 100 n'kufikitsa ma ARV m'makiliniki a m'malokeshoni lasonyeza kale kuti likhoza kuchita zotere likafuna, ndipo nzika zili ndi ufulu wofunsa kumene ndalama za shugazo zafika.

Mu 2021 WHO inakhazikitsa ndondomeko ya khansa ya m'mawere yokhala ndi miyeso itatu: kuti odwala osachepera 60 mwa 100 azipezeka matenda akadali pa gawo loyamba kapena lachiwiri mwa magawo anayi, kuti zoyeza zonse zizitha pasanadutse masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala, ndi kuti odwala 80 mwa 100 azimaliza chithandizo chawo. Muyeso wa masiku 60 ndi wofunika koposa kwa munthu wamba, chifukwa ndi wokhawo umene iye mwini angathe kuwerenga pa kalendala. Kufunika kwake kukuonekera m'kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsatira amayi oposa 2,000 ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, ndipo mu 2020 anasonyeza kuti theka lokha linali moyo patatha zaka zitatu. M'dziko limodzi lomwelo la Namibia, amayi achizungu pafupifupi 90 mwa 100 anali moyo, pamene mwa amayi akuda anali osakwana 60. Kaundula wa khansa wa dziko la Zimbabwe, amene anayamba mu 1985, wakhala akusonyeza kuti khansa ya m'mawere ndi yachiwiri pakati pa amayi, kutsatira ya khomo la chiberekero.

Pali mantha enanso amene satchulidwa kawirikawiri pamisonkhano, ndiwo a banja. Bere ndi chizindikiro cha umayi ndi ukazi, ndipo mayi amene wauzidwa kuti lichotsedwa amayamba waganiza za mwamuna wake, za apongozi, ndi za mmene adzavalire bulauzi ya kutchalitchi. Amayi ena amabisa chilonda ndi nsalu kwa miyezi mpaka fungo litawaulula, ena amayamba apita kwa sing'anga kapena kumapemphero a kuthengo, n'kudzafika kuchipatala ndalama ndi mphamvu zitatha. Kupemphera ndi kuyezetsa sizilimbana, ndipo mtsogoleri wa mpingo amene amauza mayi wa chotupa kuti apite kukiliniki mawa lomwe, iye n'kupitiriza kumupempherera, wachita ntchito ya ubusa yeniyeni. Mwamuna nayenso ali ndi gawo losalowedwa m'malo, pakuti nthawi zina ndiye amayamba kumva chotupacho, ndipo m'mabanja ambiri ndiye amavomereza kuti ndalama ituluke. Thokozani Khupe, amene anali wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Zimbabwe, anapezeka ndi khansa ya m'mawere mu 2011, ananena poyera za matenda ake ndi opaleshoni imene anapangidwa, kenako anayambitsa bungwe lophunzitsa anthu za khansa. Iye anali ndi mwayi wokalandira chithandizo ku South Africa umene mayi wogulitsa masamba ku Chikwanha alibe, komabe kuonekera kwake ali moyo n'kumagwira ntchito kunatsutsa chikhulupiriro chakuti mpeni ndi imfa kuposa mmene chikwangwani chilichonse chikanachitira.

Anthu olankhula Chichewa ku Chitungwiza sakusowa njira zawozawo zofalitsira nkhani imeneyi. Mwambo wa Achewa unapereka kwa anankungwi udindo wolangiza mtsikana za thupi lake akatha msinkhu, akamalowa m'banja ndi akatenga pakati, ndipo mayi amene angachite manyazi kuvula pamaso pa mlendo savutika kumvera nankungwi. Magulu a amayi a m'mipingo, kuphatikizapo ya CCAP ya sinodi ya Harare imene inakula pakati pa anthu ochokera ku Nyasaland, amakumana sabata iliyonse ndipo amadziwa nyumba iliyonse imene muli matenda. Mabungwe a maliro, amene matchona anayambitsa kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale m'dziko la eni, akhala akusonkhetsa ndalama mokhulupirika mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Bungwe limene limatha kugula bokosi ndi kubwereka basi ya kumanda lingathenso kupatula kathumba kolipirira sikani ndi biopsy ya membala wake akadali moyo. A Cancer Association of Zimbabwe ku Harare amapereka uphungu ndi maphunziro, ndipo a Island Hospice, amene anayamba mu 1979, amathandiza odwala amene matenda awo apita patali kuti asavutike ndi ululu, koma mabungwe amenewa sangafike kuseri kwa katani iliyonse ya ku Unit L kapena ku Zengeza 3 popanda amayi a m'deralo kuwatsogolera.

Wowerenga amene wamva kanthu kachilendo m'bere lake, kapena amene mayi ake, mkazi wake kapena mnansi wake wamunong'oneza zotere, asadikire Okutobala kapena kudikira kuti payambe kuwawa. Apite kukiliniki sabata yomwe ino, atenge mnzake womuperekeza amene angathe kufunsa mafunso, apemphe namwino kuti alembe tsikulo m'kabuku ka kuchipatala, ndipo kuyambira tsiku limenelo awerenge masiku 60. Akakwana zotsatira zisanatuluke, abwerere ndi kabukuko m'manja akafunse.